Masamba Omaliza Anasuta Malume

Bukuli lilibe chikuto, lilibe dzina la mlembi.
Ndinalipeza m'sutikesi ya malume ku Santhe,
pansi pa malisiti a fodya a zaka zija mvula inkasunga pangano.
Masamba omaliza anawasuta okha.
Ankati pepala lakale limayaka mwaulemu,
silikanda pakhosi ngati nyuzipepala.

M'menemo muli amuna atatu ndi bulu mmodzi,
akulondola mtsinje umene unalowa m'phiri osatulukanso.
Wamkulu ndi dokotala wa miyala,
ali ndi kampasi, chingwe cha mfundo, kabotolo ka asidi.
Chilichonse amachiyeza kawiri, ngakhale mantha ake.
Wachiwiri amasenza katundu ndi salimo limodzi
limene amaling'ung'udza pakakhala pokwera.
Wachitatu amangolemba. Ameneyo ndimamukayikira.

Ndimaliwerenga usiku, kunsi kwa lole yokumbira mijigo,
foni yowunikira nditailuma ndi mano,
kuno kwa Chamama, tsiku lachinayi tikuboola fumbi.

Eluby, amene anaphunzira za nthaka ku Zomba,
anakhoma zikhomo zachitsulo m'munda wa chinangwa,
nalumikiza mawaya, makina n'kulira ngati nkhululu.
Anati: Pano. Mamita makumi anayi ndi asanu.
Yotamu wokonza njinga anabwera osaitanidwa,
masipoko awiri opinda ali m'manja,
akuyenda ngati wanyamula mazira pambale,
masipoko n'kupingasana pafupi ndi chulu.
Anati: Apa. Za mamita sindizidziwa.
Kuchoka pa pano kufika pa apa ndi mapazi makumi awiri.
Ndinawerenga ndekha.

Tinatsata makina, poti ndiwo ali pa kontirakiti.

Mamita makumi atatu, fumbi lofiira.
Makumi anayi ndi asanu, fumbi lotuwa, louma gwa.
Amayi a mvano aima patali ndi zidebe zopanda kanthu,
akuimba motsitsa kuti asasokoneze injini.
Eluby watseka laputopu. Ndamuona ine
kuseri kwa thanki ya dizilo, milomo ikugwedera,
chala chikusisita kamtanda ka m'khosi.
Ndiye Yotamu, wa masipoko uja,
wabwera kudzandinong'oneza: Kodi pamakina paja
akuti chiyani? Mwala wathuwu ndi wamtundu wanji?

M'buku muja, pa tsamba 212,
nyali yazima, chigubu chauma,
dokotala wagunditsa khutu pathanthwe,
wosenza katundu wagwada,
onse awiri amva chinthu chikuyenda m'mimba mwa mwala,
dokotala watsegula pakamwa, akuti

Basi. Apo m'pamene malume anayambira kusuta.

Ndakhala ndikuimaliza ndekha nkhaniyi zaka zonsezi.
Nthawi zina ndimapambanitsa kampasi,
nthawi zina salimo.
Tsiku lina nditakwiya ndinapambanitsa bulu,
poti ndiye anayamba kununkhiza chinyezi
koma palibe anamufunsa maganizo.
Ndikayika maliro, ndimapha wolemba uja,
amene sanayeze kanthu, sanapemphere,
ankangodikira kuti aone wolondola ndani
kuti adzati anali naye kuyambira pachiyambi.

Lero m'mawa, mamita makumi asanu ndi awiri,
chitsulo chasintha mawu.
Fumbi lasiya kuuluka, layamba kumata m'zala.
Si madzi ayi, musathamange ndi nkhani.
Ndi matope chabe, odzaza chikhatho chimodzi, ozizira.
Eluby wawaika m'kajumbo, walembapo nambala.
Yotamu wawanunkhiza, walawa ndi nsonga ya lilime,
wati mtsempha wake uja unadutsa pansi pa chulu
n'kukhotera kuno usiku.
Palibe wamutsutsa. Dizilo watsala wa tsiku limodzi.

Ine ndapaka pang'ono pa tsamba 212,
pamene mawu a dokotala anathera,
ndatseka buku,
ndabwerera kukanyamula paipi ina.